Tsiku Limene Tsache Linadzizinga Lokha

"Alamu, tulukani m'dzenje mwanumo mudzaone maluwa amene mwatidzalira."

Mtchona anatulutsa mutu pakhomo la chipinda cha injini, sipanala ili m'manja. Kaputeni, mchimwene wa mkazi wake, anali ataweramira m'mbali mwa boti, manja ali kumbuyo ngati munthu amene wabwera pamaliro a mnansi yemwe sankalankhulana naye. Pambali pake panaima Nkhanu, wogwira zingwe, bambo waimvi amene zaka makumi awiri za pamadzi zinamuzoloweza kuyenda chammbali ngakhale pamsewu wowongoka.

Mtchona anakwera n'kusuzumira. Madzi anali atavala utawaleza. Unayambira kumutu kwa boti, n'kutsata khoma la doko mpaka kumbuyo, ukunyezimira mofiirira ndi mobiriwira ngati nthenga za pakhosi pa nkhunda. Fungo lokha ndilo linali lisali la nkhunda.

Boti lawolo linali ndi dzina lolembedwa ndi penti, koma padoko ponse ankalitcha Tsache. Ntchito zake zinali ziwiri: kusesa mafuta akatayikira panyanja, ndi kuvuula anthu bwato likawatembenukira. Linali lalifupi, lotambalala ngati thebulo, ndipo kutsogolo linali ndi chitseko chotsikira m'madzi chokokerapo munthu womira. Kumbuyo kunali chiwilo chokulungapo mpanda woyandama wotchingira mafuta, wautali, wonenepa, wachikasu, umene onse ankangoutcha nsato. Pafupi ndi chiwilocho panali makina owengula mafuta pamwamba pa madzi. Zonse ziwirizi zinkayenda ndi oyilo wopopedwa m'mapayipi, ndipo dzulo lake Mtchona, yemwe anali makaniko wa botilo, anali atasintha payipi imodzi. Yoyenera munalibe m'sitolo ya kampani. Iye anadula ina yaitali n'kuimanga mmene anaphunzirira kunja. Kaputeni anamuuza kuti adikire yoyenera ibwere. Sanadikire.

"Dzulo ndinanena," anatero Kaputeni, maso akadali pamadzi. "Ndinati alamu, nzeru za kumayiko achisanu zikafika kuno zimasungunuka. Inu munati chiyani?"

"Ndinati siidontha."

"Ndiye iyi ndi mvula ya m'bandakucha ija yabwera ndi penti?"

Mtchona anayang'ananso utawalezawo. Lamulo ankalidziwa bwino kuposa amene analilemba. Boti lotayira mafuta m'doko amalimanga unyolo mpaka kafukufuku atatha, ndipo makaniko amene dzanja lake lapezekapo amanyamula ovolosi yake n'kumapita. Iye anali pa miyezi itatu yoyeserera, ndipo iwiri inali itatha. Anakhala kunja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akusesa mafuta m'madoko a eni ake. Anabwerera ndi bondo lolira ndi chikwama cha mabuku, n'kupeza kuti holo ya kanema imene ankaisimba kwa azungu inasanduka mosungira matayala, mitengo ya mumsewu wa kudoko inadulidwa yonse, ndipo dzina lake lenileni linatsala pakamwa pa mkazi wake yekha. Ena onse ankati Mtchona. Ntchito iyi anamupezera ndi mlamu wakeyu, atagogoda zitseko zitatu n'kulumbira kuti munthuyo sadzamuchititsa manyazi. Pamsinkhu wake, ikatha iyi, chotsala chinali mpando wapakhonde.

Nkhanu anayenda chammbali kupita kokaphikira tiyi, n'kubwerako ndi botolo la sopo wamadzi wotsukira mbale.

"Abwana, nkhani yaing'ono iyi. Madontho asanu basi, utawaleza wonse psiti. Asodzi onse amatero dizilo akawatayikira. Pofika eyiti koloko madzi akhala ngati a m'kapu."

Kaputeni anayang'ana botolo, anayang'ana kumtunda. Padoko panali pasanadzaze anthu. Sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi, ndipo Mtchona anamvetsa kuti kukhala chete kumeneko inali mphatso imene mlamu wake ankamupatsa.

Mtima unafuna. Unafuna kwambiri, moti dzanja linayamba kunyamuka lokha. Koma anali atazionapo. Sopo sachotsa mafuta. Amangowamiza kuti akaphe za pansi mwakachetechete. Ndipo ngati payipi yake inkadonthadi, mawa utawaleza ukanabweranso, mkuja chimodzimodzi, mpaka tsiku limene adzafune kutsitsa nsato pangozi yeniyeni n'kupeza chiwilo chilibe mphamvu.

"Kabwezeni sopoyo, a Nkhanu. Makapu akudikira."

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna, a Mtchona."

"Iyi ifera panja. Alamu, imbani kuofesi."

"Mukudziwa chimene mukupempha?" anafunsa Kaputeni. "Wailesi ya ovaova ija imamveka doko lonse. Mlongo wanga adzamva nkhaniyi kumsika inu musanafike kunyumba."

"Imbani."

Kaputeni analowa m'kanyumba koyendetsera, natenga ovaova ngati akutola njoka.

"Ofesi ya doko, ofesi ya doko. Pali mafuta pamadzi, khoma lachiwiri."

"Tamva," anayankha mawu a mwamuna wina amene ankamveka kuti akutafuna. "Musakhudze chilichonse, tikutumizirani Tsache pompano. Inu muli pa boti liti?"

Kaputeni anatsinzina.

"Tsache."

Kenako msodzi wina amene sanadzitchule dzina analowerera pamzerewo, akutsamwa ndi phwete: "Anthuni bwerani! Bongololo lero wadzolera mafuta pagulu!"

Sipanathe mphindi khumi, khoma lachiwiri linali lakuda ndi anthu. Asodzi anasiya maukonde, onyamula katundu anatula mabokosi n'kukhalapo, amayi ogula nsomba anaima ndi mabeseni pamutu. Onsewa Tsache linkawalondalonda chaka chonse chifukwa cha kadontho ka dizilo, ndipo ena linawavuulapo m'madzi atamwa theka la nyanja. Chachiwirichi palibe anachikumbukira m'mawa umenewo.

"Sing'anga wadwala!"

"Muitane Tsache, abale, lidzakuthandizeni!"

Mtchona anachita ngati makutu anawasiya kunja. Anauza Nkhanu kuti alekerere zingwe, boti lichoke pakhoma mamita anayi kapena asanu. Kenako anatsitsa kaboti kopalasa, nagwira mutu wa nsato.

"Mukutani tsopano?" anafunsa Kaputeni.

"Tidzizinga tokha. Nsato izungulire boti lonse, idutsenso pakati pa ife ndi khoma, mutu ukakumane ndi mchira. Tikatero tipukute mkati mwake mpaka muyere, ndiye tilize injini ndi makina onse. Mafuta akatulukanso mkati, ndi anga. Akakhala kunja, ndi a wina."

"Nanga akatuluka mkati?"

"Ndiye kuti ndadzimangira ndekha khoti, mboni n'kuziitana ndekha."

Kaputeni anakanda chibwano. "Ndikuuzeni chimodzi, alamu. Pagombe lonseli boti lopulumutsa anthu ndi lino lokha. Ovaova ikalira kuti munthu ali m'madzi, nsato yanuyo ndiidula ndi mpeni, mlandu wanu tidzaukamba pobwera."

"Mpeniwo ndikunolerani ndine."

Ankamaliza kulumikiza mutu ndi mchira pamene anthu pakhoma anapatuka kupereka njira. Anali mayi woyang'anira za ukhondo wa madzi padoko, wamfupi, wa nsapato zajombo, amene kumbali ankamutcha Mayi Botolo chifukwa cha timabotolo timene ankayenda nato m'kabokosi. Anatsika makwerero achitsulo, Nkhanu n'kumuolotsa pa kaboti. Atakwera Tsache anamvetsera zonse osadula mawu, kenako anatunga madzi a utawaleza m'kabotolo kamodzi n'kulembapo.

"Mwachita bwino kuitana, bambo," anatero kwa Mtchona. "Koma kuitana sikutsuka mlandu. Kabotolo aka kakapita kokayezedwa kamatenga masabata awiri. Masabata awiriwo boti limakhala paunyolo."

"Tipatseni ola limodzi, mayi. Mukhale pomwepo muzionera nokha."

Mayiyo anayang'ana nsato yozungulira boti, nayang'ananso nkhope ya makanikoyo. "Zaka khumi ndi ziwiri ndili pantchito ino, sindinaonepo wakuba akudzitsekera yekha m'nyumba n'kundipatsa kiyi. Chabwino. Ola limodzi. Makina onse alire, osati ena ayi."

Anamwaza pamadzi nsalu zoyera zija zimene zimamwa mafuta n'kusiya madzi. Nkhanu ankazikoka ndi ndodo yangowe, zikada n'kuziponya mumgolo. Mkati mwa nsato mutayera, Mtchona anatsika n'kuliza injini. Anatsegula pampu ya oyilo, anazungulitsa chiwilo chopanda kanthu uku ndi uku, anayatsa makina owengula kuti alire pamphamvu yawo yonse. Payipi yake inauma gwa ngati mtsempha wapakhosi pa munthu wokwiya. Anaisisita ndi nsanza yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Nsanza inabwera youma. Koma mbali ina ya payipiyo inkadutsa pansi pa chitsulo pamene dzanja silikanafika, ndipo kumeneko n'kumene mtima wake unali.

Anakwera n'kukaima kumbuyo kwa boti. Mphindi khumi zinadutsa. Khumi ndi zisanu. Anthu pakhoma anayamba kutopa. Ena ananyamula mabokosi awo.

"Icho," anatero Mayi Botolo, akuloza ndi cholembera.

Chakumbuyo, mbali yoyang'ana kukhoma, kadontho kanatseguka pamadzi ngati diso la mwana wodzuka kutulo. Kanakula mpaka kufanana ndi mbale. Kena kanatsatira. Zonse mkati mwa nsato.

Pakhoma panabuka mfuwu ngati chigoli chalowa. Mtchona anaona m'maganizo khonde la kunyumba, mpando, ndi mkazi wake akuyesetsa kusanena kanthu. Kaputeni anavula chipewa n'kuyang'ana mkati mwake ngati muli yankho.

"Pepani, bambo," anatero mayiyo, akutsegula kabokosi.

Koma Nkhanu anali atagona chafufumimba m'mphepete mwa boti, mutu ukulendewera pamadzi. "Taimani kaye. A Mtchona, oyilo wanu uja ndi wamtundu wanji?"

"Wofiira. Wopanda litsiro ngati uchi wosefa."

"Uyu ndi wakuda ngati mtima wa apongozi anga. Ndipo sakuchokera pansi ayi. Akudontha m'tayala umu."

M'mbali mwa boti munkalendewera matayala akale otchinjiriza kuti chitsulo chisagundane ndi khoma. Atatu a mbali imeneyo anali atatunga madzi amafuta m'mimba mwawo, ndipo boti likagwedezeka ankalavula pang'onopang'ono. Anawakweza onse, nawakhuthulira mumgolo. Zimene zinatulukamo zinali zakuda bii, zokhala ndi timiyala ndi tizitsulo, oyilo wotopa amene wayenda maulendo ambiri mu injini ya galimoto.

Mayi Botolo ananunkhiza chala chake. "Ola liyambirenso," anatero. "Koma ili lokha."

Anapukutanso. Anadikiranso. Ovaova inalira kamodzi, onse anayi n'kudumpha, Kaputeni dzanja lili kale pa mpeni. Anali woyendetsa boti lokoka sitima akufunsa ngati sing'anga wapezako bwino. Dzuwa linakwera. Nyanja inayamba kuphwa monga imachitira kawiri patsiku, khoma n'kumatalika, kuonetsa ndere ndi nkhono zimene zimakhala zobisika. Mkati mwa nsato madzi anakhala obiriwira, oyera, moti tinsomba tinkaoneka tikusewera pamthunzi wa boti. Kunja kwake, pakati pa nsato ndi khoma, mafuta anali akuunjikana. Sanalinso utawaleza. Anali chiphala chakuda chokhuthala, chikukankha nsato ngati ng'ombe pachipata cha khola.

Ola litakwana, mayiyo anatseka kabuku kake. "Boti lanu ndi louma, a Kaputeni. Zimitsani."

Injini itazima, Mtchona anakhala pansi pomwe anaimapo, pa chitsulo chonyowa. Sanadziwe kuti wakhala mpaka ataona maondo a anzake. Mpweya umene anatulutsa unali ngati wausunga kuyambira tsiku limene anatsika ndege.

"Alamu," anatero Kaputeni, akubwezera chipewa kumutu, "ine ndinadziwa kuyambira pachiyambi kuti payipi ija ndi yabwino."

"Munadziwa?"

"Ndinangofuna kuti anthu akhulupirire okha."

"Abwana," anatero Nkhanu, "bodza lotere likanakhala mafuta, nsato iyi ikanachepa."

Anaseka onse, ngakhale Mayi Botolo anabisa mano kuseri kwa kabuku. Anthu pakhoma, poona kuti palibe womangidwa, anabalalika okhumudwa ngati obwera kuukwati umene mkwati sanathawe.

"Kuseka tasekadi," anatero mayiyo, "koma mafuta akubwerabe. Pakhoma pano palibe boti lina. Akuchokera kuti?"

Mtchona anakweza maso. Tsache anali atalisamutsira pakhoma lachiwiri mwezi wathawo, ndipo iye masiku onse ankakhala pansi ndi injini; anali asanayang'anepo mzindawo ali pamalo amenewa. Anaona nsanja yakale ya nyali kudzanja lamanja. Anaona phiri, ndi mpata pakati pa nyumba zosanja pamene msewu unkatsika mokhotakhota popanda chifukwa, ngati ukutsata chinthu. Anawerenga ndi maso kuchokera pansanja. Kenako anaimirira.

"Pano panali kamtsinje."

"Pano?" anatero Nkhanu. "Zaka makumi awiri ndikumanga zingwe pakhoma ili. Mtsinje ndikanaumwa."

"Khoma ili kulibe, a Nkhanu. Kuno kunali mchenga. Kamtsinje kankatsika mmene mukutsika msewumo, n'kudzathira m'nyanja pamene tilipa. Panali mwala waukulu wochapirapo. Tinkagwira nkhanu zenizeni pamenepo, zanzeru kuposa zina."

Kaputeni anatsegula pakamwa pang'onopang'ono. "Aa! Si pamene ndinkakugendani ndi miyala, inu mutabisala m'bango kudikira mlongo wanga amalize kuchapa?"

"Chipsera chilipo, alamu. Ndingakuonetseni."

"Ndinaiwaliratu. Anakakwirira ndi simenti chaka chimene anakuza doko, inu mutapita kale."

"Anthu amaiwala," anatero Mtchona, akutsikira m'kaboti. "Madzi saiwala khwawa."

Anadutsitsa kaboti pamwamba pa nsato, napalasa mpaka kukhoma. Ndi ndodo yangowe anapalapala ndere zimene madzi anali atangozisiya poyera. Ndodo inagogoda simenti, inagogodanso, kenako inalowa yonse mpaka m'dzanja. Anakoka ndere zija ngati katani. Kuseri kwake kunali kamwa la ngalande, lalikulu moti munthu akanakwawamo, theka likadali m'madzi. Mvula ya m'bandakucha inali yoyamba patatha miyezi isanu. Zonse zimene mzinda unathira m'ngalande nthawi yachilimwe zinali zikutuluka tsopano, ndipo pamene iye ankayang'ana, ngalandeyo inageya chibuma china chakuda chimene chinasungunukira pamadzi.

Anakhala kaye m'kabotimo, ndodo ili pamiyendo. Ankayembekeza kuti mtima umuwawa. Unawawadi, koma pang'ono, ngati dzino limene linazulidwa kale. Kamtsinje kanalipobe. Kankanunkha galaja, koma kanalipo, ndipo pa anthu onse a padoko ndi iye yekha amene anakadziwa.

Ntchito yotsala inali yozolowereka. Anamasula nsato, naikhoma m'mbali zonse ziwiri za kamwa la ngalande ngati uta. Anatsitsa makina owengula, payipi ija ikugwira ntchito yake osatuluka ngakhale thukuta. Pofika masana anali atadzaza migolo iwiri.

Mayi Botolo anadzaza kabotolo komaliza. "Oyilo wochuluka chonchi si wa munthu wosintha m'galimoto yake Loweruka," anatero. "Pali galaja imene ikuthira m'ngalande. Inu mukuti mukudziwa njira ya kamtsinjeka. Kankayambira kuti?"

Kaputeni mwadzidzidzi anapeza chochita ndi mfundo ya chingwe. Nkhanu anayang'ana mitambo.

Kamtsinje kankayambira pakasupe kuseri kwa nyumba ya mayi ake a Mtchona. Mayiwo anamwalira iye ali kunja. Nyumbayo inagwetsedwa, ndipo pamalopo mng'ono wake anamangapo galaja ya malole.

"Pamwamba pa msewu wokhotawu," anatero Mtchona. "Pali geti labuluu. Mwiniwake ndi mng'ono wanga, bere limodzi."

Mayi Botolo anatseka kabokosi kake. "Mawa naini koloko ndikakhala kumeneko," anatero. "Lero ndili ndi malipoti." Analemba kanthu m'kabuku, natsikira m'kaboti.

Ataweruka, Mtchona anapempha mgolo umodzi wopanda kanthu, wa chivindikiro chabwino. Kaputeni anasaina pepala lake osafunsa funso. Bondo linkalira, koma anaugubuduza mgolowo kudutsa pageti la doko, kukwera nawo msewu wokhotakhota uja, ukulira ngati ng'oma pa dzenje lililonse. Pamene msewu unkakhota, iye ankadziwa chimene chinali pansi pake: apa panali mkuyu, apa ankawolokera pamiyala itatu.

Anapeza mng'ono wake atagona pansi pa lole, miyendo yokha ili kunja. Pakona ya bwalo panali chitsulo cha mipatamipata chovundikira ngalande, chakuda, chonyezimira.

"Ndani akugubuduza bingu pakhomo panga?" Mwini galaja anatuluka chagada, akupukuta manja. "Achimwene! Tamva kuti lero munadzimanga nokha ngati mbuzi. Ndimati ndibwere ndidzakuoneni kundende."

"Ndakupulumutsa ulendo. Mawa naini koloko kubwera mayi wa timabotolo."

Kumwetulira kunachoka. "Wamulozera ndani kuno?"

"Ine."

"Inu? Mwana wa mayi anga?"

"Yemweyo. Chindapusa ulipira, pamenepo sindingakunamize. Koma akapeza oyilo ali mumgolo, ngalande ili yotsuka, geti ili salitseka. Mgolo ukadzaza uzindiuza, kudoko kuli amene amautenga."

Mng'ono wakeyo anayang'ana mgolo, anayang'ana ngalande, natukwana pansipansi mawu amene mayi awo sakanawalola pabwalo limenelo. Anapotokola nsanza m'manja.

"Zaka zonsezi osatumiza ngakhale kalata," anatero pomaliza, "lero mwandibweretsera mphatso ya mgolo."

"Ndi watsopano. Uli ndi fanulo yothirira oyilo?"

"Ili m'kati, pa shelefu."

Mtchona anapinda manja a ovolosi n'kulowa kukaitenga.